Sikelo ya ku Chipata ndi Dzina la Nkhoswe

Chiosya, Mchinji
Lachinayi masana

Mwana wanga Esinati,

Moni sindikupatsa, popeza tadzuka m'nyumba imodzi ndipo ndakuona uli bwino. Ndakhala m'chigafa chakale kuseri kwa nyumba, iwe utapita kukatsanzika kwa abusa ndi kwa anzako. Mapepalawa ndang'amba m'kope lako la Fomu 2. Ukudziwa kuti pakamwa panga ndi polemera. Munthu akandiyang'ana mawu amandithera pakhosi, ngakhale munthuyo akhale mwana amene ndinabereka ndekha. Ndiika kalatayi m'chikwama chako chaching'ono, pamodzi ndi mtedza wokazinga. Uiwerenge mu minibasi usanafike ku Lilongwe. Usasunge kuti ukaiwerengere ku Joni, chifukwa kumeneko idzakhala itatha ntchito.

Dzulo tikusadzula nkhwani pakhonde unandiuza kuti a kwa Yohane akufuna dzina la nkhoswe wathu mwezi wa mawa usanathe, kuti akuluakulu aziyamba kukambirana za ukwati wanu iwe uli ku koleji. Unati mawa Lachisanu ukagona kwa amalume ako a Edisoni ku Kawale usanakwere basi ya ku Joni, ndipo ukawapempha kuti aime ndiwo. Unati a kwa Yohane ndi anthu a ku Kachebere, osunga mwambo ndi a tchalitchi, ndipo sungawabweretsere munthu amene si wa magazi athu. Ine ndinati chabwino. Esinati, sichinali chabwino. Ndinangoopa kutsutsana nawe kutatsala masiku awiri kuti uchoke.

Ine ndinalekeza Sitandade 6, sindingakutsutse ndi nzeru zanga. Ndikutsutsa ndi zimene unandiphunzitsa wekha.

Kumbukira miyezi itatu yapitayo ku nyumba yosungiramo mtedza ya gulu lathu la alimi. Ine ndinali panja ndi amayi anzanga kusankha mtedza, iwe uli mu kaofesi ndi kompyuta. Unali kulemba pulogalamu yoti kompyuta izimva yokha kulemera kwa thumba kuchokera ku sikelo, munthu osalemba pamanja. Masikelo awiri oyamba anali a mtundu umodzi ndipo zinkayenda. Kenaka anabwera ndi yachitatu yogula ku Chipata, yopangidwa ndi anthu ena, ndipo pulogalamu yako inaikana. Masiku atatu unkangotola chakudya ngati mbalame. Tsiku lachinayi unatuluka ukumwetulira, n'kukhala pachiguduli pafupi nane, n'kuyamba kundifotokozera ngakhale sindinakufunse. Mwina unkaganiza kuti sindikumva, poti ndinangopitiriza kusankha mtedza. Ndinamva, mwana wanga.

Unati poyamba unalamula kuti sikelo iliyonse iyenera kukhala yobadwira m'banja la sikelo yoyamba ija, ngati mwana kapena mdzukulu wake. Ya ku Chipata inalibe ubale umenewo, choncho inakanidwa ngakhale imayeza bwinobwino. Ndiye unalembanso pulogalamuyo m'chilankhulo china cha makompyuta chimene aphunzitsi ako a ku Lilongwe anakuonetsa. Mmenemo unalemba kandandanda kakang'ono kamene unati dzina lake ndi intafesi. Kanali ndi zinthu ziwiri zokha: kunena kulemera kwa thumba, ndi kubwerera pa ziro thumba likachoka. Chilichonse chotha ziwirizi, kwa pulogalamu yako ndi sikelo. Sichifunsidwa makolo ake, ndipo sichilumbira paliponse kuti ndi cha gulu lako. Amene anapanga ya ku Chipata sanamvepo za ndandanda yako, koma inalowa. Ngakhale a kalaliki amene amawerenga sikelo yakale ya mbedza n'kutayipa nambala, unawalembera kachidutswa kawo kochita ziwiri zomwezo, nawonso analowa.

Mayi wina anati, "Ndiye a kalaliki asanduka sikelo? Bwerani tiwapachike pamtengo."

Tonse tinaseka, a kalaliki omwe. Iwe unati anzako amaitcha njira ya bakha, poti sayang'ana kumene chinthu chinabadwira, amangoona mayendedwe ndi kaliridwe kake: chikayenda ndi kulira ngati bakha, ndi bakha basi. Ine ndinaganiza za mazira a nkhanga amene timaika pansi pa thadzi. Dzira limangofuna kutentha ndi kutembenuzidwa, za mtundu wa nthenga lilibe nazo ntchito.

Unanenanso za chinthu chotchedwa kompaila, chimene ine ndinachimva ngati kapitawo woima pachipata m'mawa. Ntchito isanayambe, chimayang'ana aliyense ngati ali nazo zonse za pa ndandanda. Chimodzi chikasowa chimakana pomwepo, ndipo pulogalamu siyamba n'komwe. Unati zilankhulo zina sizitero. Zimalola aliyense kulowa, n'kudzazindikira thumba lili kale pa sikelo, alimi ali pamzere padzuwa, kuti uyu sadziwa kubwerera pa ziro. Unati bola kukanidwa m'mawa kusiyana ndi kugwa masana. Usaiwale mawu ako amenewa pamene ukuwerenga zotsatirazi.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndili ndi zaka 16. Agogo ako anachoka ku Mulanje kudzakhala matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Dambe, ndipo onse awiri anamwalira komweko, wina chaka chino wina chaka chamawa. Achimwene anga a Edisoni anali kale ku Lilongwe pa ntchito ya umesenjala. Amene ananditenga ndi a Najere, omwewa ukuwadziwa ogulitsa tomato pa siteji. Masiku amenewo ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu pa malayini a esiteti. Iwo anachokera mbali ya Zambia, ndi chilankhulo chawo chija chimene unkachiseka uli mwana. Anandiphunzitsa kusoka fodya ndi kusiyanitsa magiredi. Nditakula anandilanga ndiwo. Nditadwala malungo anandibereka kumsana mpaka ku chipatala, ine mtsikana wamkulu kale, miyendo ikukwekwereka pansi.

Bambo ako, amene anali tenanti wochokera ku Dedza, atandifunsira, panabwera nkhani ya nkhoswe. Pa esiteti aliyense ndi mlendo, abale ali kutali, ndiye anthu ankabwerekana ankhoswe. Mlomwe ankaimira Mtumbuka, Myao ankaimira Mngoni. Ankati nkhoswe wobwereka. Koma ndinamva azilamu anga ena akuseka kuti chobwereka chimabwezedwa, ndipo mkazi wa nkhoswe wobwereka ndi mkazi wotola panjira. Mawu amenewo anandilowa. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa, a Najere anandiitana.

"Felesiya, ndiime ine. Ndili pafupi."

Ndinayang'ana pansi n'kuti, "Inu si abale anga."

"Zoona, mwana wanga," anatero, napitiriza kusoka.

Sanandikwiyire, ndipo sanazitchulenso mpaka lero. Ndinalembera achimwene ndipo anabwera, atavala jekete ndi nsapato zonyezimira. Anayankhula bwino kwambiri, mwambi pamwamba pa mwambi, mpaka a ku Dedza anagwedeza mitu. Analandira tambala, anapereka thadzi, anang'amba nkhuku yophika ndi nkhoswe wa bambo ako monga mwa mwambo. Nkhuku imeneyo anaphika ndi a Najere, ndipo mbale anatsuka ndiwo. Achimwene anakwera basi yamasana tsiku lomwelo. Ine ndinali wonyada kuti palibe anganene kuti ndine wotola. Esinati, dzulo pakhonde ndinamva mawu anga omwe aja akutuluka m'kamwa mwako.

Cholakwa chachiwiri n'chakuti sindinayese kanthu mavuto asanafike. Panapita zaka zisanu. Chaka chija tinavota koyamba zipani zili zambiri, bambo ako anayamba kunyamula katundu wa amalonda pa njinga kudutsa malire pa njira za kutchire. Poyamba ankachoka masiku awiri, kenaka sabata, kenaka ndinamva kuti ku boda kuli mkazi. Sindikulemba izi kuti uwade. Anapita kale, ndipo anali bambo ako, ankakunyamula paphewa popita ku tchalitchi. Ndikulemba kuti udziwe mmene banja limathera.

Nkhoswe wawo, mkulu wina wofatsa wa ku Dedza, atamva anabwera yekha. Ndinamuikira mpando pansi pa mthunzi, bambo ako anakhala apo, ine apa. Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti anzake ali kuti. Ukudziwa kuti nkhani ya banja sikambidwa mbali imodzi. A Najere anabwera, anagwada chapatali, n'kupempha kuti ayankhule m'malo mwa a kuchikazi. Mkuluyo anawayankha mwaulemu kuti iye akumudziwa munthu amene anang'amba naye nkhuku, ndipo si iwo. Sanalakwe, mwambo ndi umenewo. Anadikira masiku awiri n'kubwerera. Ulendo wachiwiri anadikira tsiku limodzi. Wachitatu sanabwere. Bambo ako anamanga bulangete pa njinga n'kuwoloka, ndipo zotsala ukuzidziwa, uthenga wa maliro uja unatipeza atawaika kale.

Sindikunena kuti nkhoswe akanawabweza. Sindikudziwa. Koma banja langa linatha osakambidwa n'komwe. Munthu wotha kuyankhula analipo, atagwada pomwepo, koma ndinali nditamutsekera kunja ndi pakamwa panga. Wa dzina anali ku Lilongwe. Ndinazindikira zimenezi thumba lili kale pa sikelo. Kumbukira, mwana wanga, nkhoswe si wa tsiku la nthungululu. Tsiku limenelo aliyense angathe kuima. Nkhoswe ndi wa tsiku limene iwe ndi Yohane mudzakhale m'nyumba imodzi osayang'anana. Ndikupemphera kuti lisadzafike, koma sindinaonepo banja limene silinafikiridwe.

Cholakwa chachitatu ukuchikumbukira, chifukwa chinapweteka iwe. Utasankhidwa kupita ku sekondale ya masana ku boma, kunali kutali koti sukanatha kuyenda tsiku ndi tsiku, ndipo panafunika nyumba yoti uzikhalamo. Ine, poopa kulakwanso, ndinachulutsa zofuna. Ndinkafuna banja la mpingo wathu, lochokera ku Mulanje, lopanda ana aamuna, lokhala kutali ndi malo omwera mowa, ndiponso mayi wake asakhale woyendayenda pa malonda. Ndinayenda boma lonse osaipeza nyumba yotero. Anzako anayamba sukulu, iwe uli pakhomo kulira masabata atatu. A Najere atamva anandiitanitsa pa siteji, pamaso pa anthu ogula tomato.

"Iwe Felesiya, ukufunira mwanayu nyumba kapena kumwamba? Kumwamba ndiye sanafe."

Anandifunsa kuti mwana wa sukulu amafuna chiyani kwenikweni. Kenaka anawerenga okha pa zala: chitseko chokhoma, nyali yowerengera, ndi munthu wofunsa ngati mwana wachedwa. Anakutengera kwa Abiti Ali, mkazi wa dalaivala wa mathiraki, Myao, Msilamu, wa ana aamuna awiri. Pa zofuna zanga zisanu zija panalibe ndi chimodzi chomwe. Unakhalako zaka zinayi. Lamlungu ankakudzutsa ndiwo kuti usachedwe ku tchalitchi chako, ndipo tsiku lija unapita kukaonera mpira osatsanzika anakutsatira mpaka ku bwalo ndi mthiko m'manja. Unandiuza wekha ukuseka.

Tsiku lija pachiguduli unanenanso kuti ndandanda ikatalika, zolowa zimachepa. Unati ukanaonjezera kuti sikelo iziyaka magetsi ndi kutulutsa kapepala, ya mbedza ikanatsala kunja popanda chifukwa, pamene pulogalamu yako sifuna kapepalako. Unati ulembe chokhacho chimene udzagwiritse ntchito. Zimenezi uzitenge ku Joni. Tinamva pa wailesi zimene alendo amakumana nazo kumeneko, ndipo sindikubisa, ndili ndi mantha. Ukafika udzafuna kuthamangira aliyense woyankhula Chichewa. Ena adzakhala abwino, ena ayi. Usamukhulupirire munthu chifukwa choti akudziwa Mchinji, ndipo usamukane chifukwa choti sungathe kutchula dzina lake. Dzifunse kuti pano ndikufuna chiyani, kaya ndi munthu wokuperekeza ku chipatala, kaya wokuuza msewu woti usadutse. Zikhale zochepa, kenaka uone amene akuzichita. Pasipoti yokha usasungitse munthu aliyense, wa kwathu kapena wa kwawo. Juzi yakuda ija ndaisoka pa chigongono, ili pansi pa chikwama chachikulu, akuti kumazizira kuposa ku Dedza.

Za nkhoswe ndaganiza usana wonse ndipo ndapeza zitatu basi. Azibwera akaitanidwa. Azimva mbali zonse ziwiri, ngakhale wolakwa akhale iwe. Zimene wamva m'nyumba mwanu zisamakamveke kumsika. Jekete palibe pamenepa, miyambi palibe, magazi palibe. Ngati ukuona china chofunika uonjezere, banja ndi lako, koma usachulutse ngati ine.

Cholakwa chachinayi ndachiona lero lomwe, ndipo ndi chimene chandichedwetsa kulemba. Nditakhala pansi ndinkafuna kukuuza mawu amodzi okha, akuti usawapemphe amalume ako. Ndinali nditalemba kale, ndipo ndang'amba pepalalo. Chimene chinandiimitsa ndi chinthu china chimene unanena, chakuti ndandanda amalemba ndi amene akufuna thandizo, osati opanga masikelo. Wa ku Chipata sangalote zimene iwe ukufuna ku Chiosya. Ndinadzifunsa kuti kodi ine achimwene ndinawauza chiyani.

Nthawi ya mavuto ija ndinawalembera makalata atatu. Imodzi inabwerera chifukwa anali atasamuka nyumba, ndipo yakhala m'kachitini ka makadi a ku sikelo ya ana zaka zonsezi osaitsegula. Lero ndaitsegula. Muli moni wautali. Muli zakuti mvula yagwa bwino, fodya wa chaka chino ndi wopepuka, Esinati wagweluka dzino. Kumapeto ndinalemba kuti mukapeza mpata mudzatione. Za bambo ako mulibe liwu ndi limodzi lomwe. Zakuti mkulu wa ku Dedza wakhala pampando kudikira mulibe. Ndikukumbukira chifukwa chake. Makalata tinkasiya ku ofesi ya esiteti, ndipo ndinkaopa kuti wina atsegula n'kuwerenga, malayini onse n'kudziwa. Koma malayini onse ankadziwa kale. Zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi kuuza munthu wa jekete uja kuti banja limene analiyankhulira bwino likugwa. Makalata ena awiri aja anali chimodzimodzi, ndikudziwa.

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikunena mumtima kuti ndinawaitana osabwera. Esinati, sindinawaitane. Ndinkafuna kuti adziwe okha. Akatumiza moni kudzera mwa iwe pamene unkaphunzira ku Lilongwe, ndinkayankha mawu awiri. Sindikuwayeretsa ayi. Nkhoswe weniweni amabwera kudzazonda ngakhale osaitanidwa, ndipo zaka zisanu zinali zokwanira kukwera basi kamodzi. Bambo ako atamwalira anangotumiza mawu. Koma ndikawakana lero chifukwa choti ndi a Edisoni, ndidzakhala ndikuchita zomwe ndinachita kwa a Najere, kuweruza munthu ndi dzina. Ndandanda yako sinakane masikelo awiri oyamba aja chifukwa choti anali a pabanja. Nawonso analowa, popeza ankatha ntchito. Wachibale asalowe chifukwa cha ubale, koma asakanidwenso chifukwa cha ubale.

Iwe usatengere pakamwa panga. Mwa zonse zimene ndalakwa, ichi ndiye muzu wake. Ukafuna chinthu kwa munthu, umuuze ndi mawu omveka, kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi mwini nyumba, kaya ndi Yohane. Kufatsa ndi kwabwino, koma kufatsa kwanga kunasiya anthu atatu akudikira pamthunzi.

Tsono mawa ukafika ku Kawale uwauze amalume ako zitatu zija, chimodzichimodzi. Ndikuwadziwa achimwene anga, adzavomera usanamalize n'komwe, ndipo adzakupatsa mwambi. Pamenepo ukumbukire sabata ija sikelo imodzi inayamba kunama ndi makilo awiri. Ndinakufunsa kuti nanga kapitawo wako uja bwanji sanaigwire, ndipo ndi funso lokhalo limene ndinakufunsa. Unati kompaila imangoona kuti ntchito ziwiri zija zalembedwa m'maina ake ndi m'maonekedwe ake, koma singadziwe ngati nambala yotulukayo ndi yoona. N'chifukwa chake unauza a kalaliki kuti m'mawa uliwonse aziyamba aikapo chitsulo chija cha makilo khumi, chimene kulemera kwake n'kodziwika kale. Inde wa amalume ako ndi wofunika, koma si chitsulo.

Chitsulo chake ndi ichi. Uwauze kuti Loweruka loyamba la mwezi wa mawa abwere kuno ku Chiosya. Kulibe phwando, kulibe nkhuku, kulibe anthu oti awaombere m'manja. Mvula idzakhala ili pakati, msewu wochokera pa tala uli matope, ndipo mwina adzavula nsapato. Abwere kudzakhala ndi mlongo wawo kuti amve zimene sanamve. Ine ndikulonjeza kuti ndidzawauza zonse, kuyambira tsiku limene bambo ako anagona koyamba ku boda. Ndidzawapatsa kalata yobwerera ija kuti awerenge okha, aone kulakwa kwanga ndisanatchule kwawo. Ndidzanena ndithu.

Lisanafike tsiku limenelo usapereke dzina lililonse kwa a kwa Yohane. Umuimbire Yohane umuuze kuti adikire, nthawi ilipo. Umuuzenso poyera kuti mwina nkhoswe wako adzakhala mayi wogulitsa tomato, wa ku Zambia, amene si wa magazi ako. Umvetsere bwino mmene adzayankhire. Ndi mnyamata waulemu, ndamuona akutsika pa njinga pondipatsa moni, ndipo ndilibe naye chifukwa. Koma ngati zimenezi zidzamuchititsa manyazi, ndi bwino uzidziwe tsopano, usanavale chilichonse choyera.

Mwina ukuti bwanji asaime onse awiri, wamkulu ndi wamng'ono, monga amachitira ena. Zingatheke, ndipo ndingakondwe. Koma dzina loyamba ndi limene a ku Kachebere adzalifunefune tsiku la mavuto, ndipo wachiwiri sadzayamba kuyankhula woyamba asanakhale pansi. Ndinaziona ndi maso anga. Woyamba akhale amene amabwera.

A Najere sindinawauze kanthu. Akula, maondo akuwavuta, ndipo mwina adzakana. Ali ndi ufulu wokana, popeza ndinawakana ndine poyamba. Mawa pokwera minibasi ndikakukumbutsa kuti uwatsanzike bwino, ugwade, usangowakwezera dzanja uli pawindo.

Loweruka limenelo ine ndidzakhala pa siteji kuyambira m'mawa mpaka minibasi yomaliza ya ku Lilongwe itadutsa. Achimwene akatsika, ndidzawalandira chikwama, ndipo tikatha kukambirana ndidzawatengera kwa a Najere kuti akaone amene anasunga mlongo wawo. Dzina la achimwene ndidzalipereka ndekha ku Kachebere, ndi mtima umodzi. Akapanda kutsika, sindidzawasungira mkwiyo wina, wakale uja wandikwana. Ndidzangowoloka msewu kupita pa benchi ya tomato ya a Najere, ndidzagwada pamaso pa ogula onse, n'kupempha chimene ndinayenera kupempha ndili mtsikana. Zimene zidzachitike ndidzakuuza Lolemba lake pa foni ya a kalaliki.

Ndikumva mawu ako kumsewu, ukubwera ndi anzako, ndiye ndilekeze. Mulungu amene anandipatsa iwe ndili mwana ayende nawe kumene ine sindingafike. Uphunzire, udye, ugone nthawi yake.

Ukafika ku Kawale usachulutse moni, ndipo usayambe ndi za mvula. Uwauze tsiku.

Ndine mayi ako,
Felesiya